Dzina la Chimene Chinapha Alamu Anga

Tatsekani mabukuwo. Iwe Tereza, leka kuomba m'manja pamaso panga ngati ukuthamangitsa nkhuku pa chinangwa. Ndamva kale, aphunzitsi anu akuti mawu a Chizungu muziwadula ndi m'manja. Ba-na-na, katatu. Nthochi yomweyi mpaka kuiombera m'manja? Ndiye mukundiseka ine kuti ndinalekera Sitandade 3, sindingathe. Yohane, chotsa chala m'mphuno, ukhale apo. Ine ndinadulapo mawu a Chizungu oti aphunzitsi anuwo atawaona akhoza kupempha madzi akumwa. Ndipo sindinkawadulira mayeso ayi. Ndinkawadulira mayi anu Agnesi, ali kamwana koyenda chopanda malaya, kuti asawatengere kutsidya kwa nyanja.

Agogo anu Esitere, amene mumawaba mtedza aja, ndi mlongo wanga wonditsatira. Anakwatiwa ndi munthu wa ku Cobue, kutsidya komweko, dzina lake Jowakimu, ndipo ine ndinali nkhoswe ya ukwatiwo. Jowakimu ankaolotsa nkhuni. Inu mukuona ngati nkhuni zimamera pamsika, koma pachilumba pano mitengo yake ili kuti? Malambe? Mlambe suyaka. Nkhuni, nsungwi, udzu wofolerera, zonse zinkabwera pa boti la matanga kuchokera kutsidya, tanga lake losoka ndi matumba akale, zigamba mpaka osadziwa kuti nsalu yoyamba inali iti. Masiku ano mwana aliyense akufuna injini. Kukoka chingwe kamodzi, phokoso, basi wakhala mwamuna. Nthawi imeneyo munthu ankayang'ana kumwamba kaye asanadye.

Alamu angawo anali munthu wabwino koma waukali, kundiposa ine. Musaseke. Chaka chake zipani zinali zitangochuluka kumene, mafoni a m'manja kunalibe, nyengo ya mwera. Mphepo inakana kuti aoloke, ndiye munthu wozolowera kuyenda ukamukhazika pakhomo amayamba kuona zolakwa zonse. Mbuzi ya Esitere inatafuna chingwe cha tanga chimene anayanika pa mpanda. Anayambana, mudzi wathu wonse wa Khuyu unamva. Mlongo wanga pakamwa pake mukupadziwa. Anamuuza kuti tsiku lina mutu wakowo udzaphulika ndi ukali.

Dzuwa lisanafike pamutu, Jowakimu anagwira kunkhongo, nkunena kuti wina wamumenya. Panalibe munthu kumbuyo kwake. Anasanza, nkugwa pafupi ndi mtondo. Tinamunyamula pa machira kuthamangira ku Chipyela, koma pofika kuchipatala tinali titanyamula mtembo.

Tsopano inu ana a sukulu simudziwa za hamala. Kapena mukudziwa, mumangonamizira. Anthu amati mfiti ili ndi hamala yosaoneka, ikakumenya kunkhongo kunja sikuoneka bala, koma mkati zonse zaphwanyika. Munthu wanena yekha kuti wamenyedwa. Mkazi wake analosera m'mawa womwewo, anthu akumva. Mukufunanso umboni wanji? Tisanabwerere n'komwe ku Khuyu, nkhani inali itafika kale ku Mbungo.

Uthenga unaoloka mphepo itagwako pang'ono, ndipo anabwera amalume ake a malemu, a Manuwele, ndi amuna ena. Munthu wamtali, wolankhula pang'onopang'ono, chipewa m'manja. Anthu olankhula pang'onopang'ono ndimawaopa. Sanapite kusiwa, anayamba kupolisi, kukanena kuti mphwawo waphedwa ndi mkazi wake. Iwo ankaganiza kuti apolisi angomanga Esitere. Apolisi anati sitimanga munthu chifukwa cha pakamwa, adokotala apime kaye mtembo. Atamva kuti kupimako ndi kung'amba, a Manuwele anati iwo sangaonerere mwana wa mlongo wawo akutumbulidwa ngati kampango. Anatuluka. Woyambitsa ndi iwo, wotsala pakhomo la chipinda chopimira mitembo ndine. Za mkatimo sindikuuzani, mwangodya kumene.

Dokotala anali mnyamata wa kumtunda, wotopa, maso ofiira. Atasamba m'manja anandiuza m'Chichewa chomveka bwino kuti palibe poizoni, palibe bala, koma mtsempha wa magazi unaphulika m'mutu, magazi nkudzaza mkati. Iye ankaona ngati akundipatsa nkhani yabwino. Kwa ine sinali yabwino. Kunja kulibe bala, mkati magazi okhaokha. Imeneyo si hamala yeniyeniyo? Ndikakaima pamaliro nkunena zimenezo, ndiye kuti ndamangirira mlongo wanga ndi pakamwa panga.

Pajatu mwambo mukuudziwa, mtembo usananyamuke wina amaimirira kufotokoza mmene matenda anayendera. Munthu anafera kwathu, kuchipatala ndinali ine, wolankhula ndinali ine.

Ndinamufunsa dokotala ngati chinthu chimenechi chimaphanso Azungu kwawo. Anati chimapha aliyense, kulikonse, ngakhale madokotala amene. Ndinati ngati chimapha Azungu ndiye kuti chili ndi dzina, chifukwa Mzungu safa ndi chinthu chopanda dzina. Anatchula. Ana inu, zinamveka ngati munthu waterereka pamiyala atasenza ndowa. Ndinati bwerezani. Anabwereza, ndowa inagwanso. Apo namwino anali akumuitana, kuli mayi wina wovutika pobereka. Anangondigwira mkono, nkulemba ndi bolopeni kuyambira pachigongono mpaka padzanja, mawu osakwana, nkupitiriza mzere wachiwiri. Anathamanga.

Ndinatuluka mkono uli m'mwamba ngati wothyoka, kuopa thukuta. Kuwerenga Chizungu sindinkatha, mpaka lero. Ndinapita kutchalitchi chachikulu kukafuna a Barnaba, mphunzitsi wopuma amene ankaphunzitsa kwaya. Munawapeza atamwalira. Anali kamunthu kakafupi, magalasi omanga ndi ulusi, kokonda Chizungu kuposa chakudya. Ndinawapeza pamthunzi akukalipira azimayi a kwaya chifukwa chopuma pakati pa mawu. Anandigwira mkono, kuutembenuza uku ndi uku ngati akugula chambo, nkhope yawo nkuwala. Munthu wafa, iwo akusangalala.

Anati awa ndi mawu awiri, ndipo mawu aatali sameza amphumphu, amawadula kaye. Anatola kamtengo nkuyamba kulemba pansi, akudula ndi timizere. Loyamba anati Mzungu amalidula panayi: sab, a, rak, noyd. Lachiwiri patatu: he, mo, rej. Ndinayesa. Chimene chinatuluka ndi sa-ba-ra-ki-no-yi-di he-mo-re-ji. Anati ayi, a Filipo, mwaonjezera zidutswa, Mzungu akafika kumapeto kwa chidutswa amatseka pakamwa, inu mukusiya chitseko chotsegula. Ndinati ine pakamwa panga sipatseka, funsani aliyense. Tinalimbana pamenepo. Iwo rak, ine raki. Iwo rej, ine reji. Azimayi a kwaya atabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka.

Ndiye ndinaona kuti zilembo za pansizo zikuchuluka kuposa zimene akutchula. Ndinaloza china, ndinati ichi bwanji simukuchinena? Anati chimenecho sichitchulidwa. Ichi? Nachonso. Nanga ziwiri zofananazi? Anati mumatchula chimodzi. Ndinati ndiye zikudzatani muno? Anati zinabwera ndi mawuwo kuchokera kwa Agiriki akale. Mwamva? Zilembo zongokwera ngati anthu ozemba m'sitima, osagwira ntchito, osatsika. Ndipo munthu wophunzira akuziteteza. Mpaka lero zimenezi sindinazimvetse, ndipo aphunzitsi anu akadzabwera kuno ndidzawafunsa.

Zikanathera pamenepo bwenzi zili bwino. Koma mphunzitsi ndi mphunzitsi, sangaone chinthu osachitsegula m'mimba. Anati chidutswa chilichonse chili ndi tanthauzo lake. Sab ndiye kuti pansi pa chinthu. Hemo ndi magazi. Kumapetoko ndi kuphulika. Ine ndikungogwedeza mutu, zonsezi dokotala ananena kale. Ndiye anafika pakati, pa arak paja, nkumwetulira, nkunena kuti apa ndiye pokoma, amenewa ndi mawu a Chigiriki otanthauza kangaude.

Ndinati chiyani?

Anati kangaude. Akuti pamwamba pa ubongo pali kansalu kopyapyala konga ukonde wa kangaude, ndiye magazi anatayikira pansi pa kansaluko.

Ndinakhala pansi, pafumbi pomwepo. Ndathawa hamala, ndakapeza kangaude. Ndinawafunsa kuti anamuika ndani m'mutu mwa alamu anga. Anati palibe anamuika, ndipo si kangaude weniweni, tonse tili nako kansaluko, inunso muli nako. Ndinati ine ndilibe. Anati muli nako. Ndinati aphunzitsi, ngati mulibe kangaude, Azungu anamutchuliranji? Ngati alimo, analowa bwanji? Anayamba kufotokoza za Agiriki, ine m'mutu mukungoyabwa. Lusi, ukukanda chiyani? Waona, nawenso wayamba.

Ndinaimirira, nkuwagwira pa kolala, munthu wamkulu, pabwalo la tchalitchi. Ndinawauza kuti mawu akuti kangaude akangotuluka pakamwa pawo ku Khuyu, kapena pakamwa pa azimayi awa, kwaya idzaimba pa maliro awo sabata yomweyo. Anachotsa dzanja langa bwinobwino, nkukonza magalasi. Anati amva. Kenako anati, koma mawuwa simunawagwire, ndipo mawa mudzaima pamaso pa anthu.

Zinali zoona. Ndikagwira mutu, mchira ukuthawa. Ndikagwira hemoreji, saba uja wapita. A Barnaba anati chimene chakana lilime chimalowa ndi nyimbo, ndi mmene amaphunzitsira anthu osawerenga masalimo. Anati tisiye za kutseka pakamwa, tchulani Chinyanja chanu chomwecho. Anaika mawuwo pa kamvekedwe kamene ansembe amatsirizira pemphero pa Misa, mawu onse pamzere umodzi, kumapeto nkutsika pang'ono. Sa-ba-ra-ki-no-yi-di he-mo-reee-ji. Kachitatu kokha zinakhazikika ngati mwala pansi pa madzi.

Ndinayenda wapansi kubwerera ku Khuyu ndikuimba. Njira ija inu simunaione, inali ya miyala yokhayokha, osati iyi mukudutsa ndi njinga. Azimayi ochokera kovuula chinangwa anapatuka, wina ndinamumva akuti chisoni chamuzunguza mutu, wina akuti ayi ndi kachasu. Ndinapitirira ndikuimba. Ndikanatsegula pakamwa kutukwana, mawu akanagwa.

Kusiwa ndinasuzumira m'nyumba. Azimayi anali atadzaza, mapewa kugundana, koma pamene panakhala Esitere panali malo mbali zonse ziwiri, okwana munthu kugona. Azakhali athu enieni atakhala kukhoma lina. Mlongo wanga sankalira n'komwe, ankangoyang'ana mapazi ake, mayi anu ali pamiyendo, mchimwene wawo Petulo ali kumsana.

A Manuwele ananditengera kuseri kwa nkhokwe. Sanakweze mawu. Anati ankhoswe, mawa mukalankhula inu, ndilankhula ine, ndipo ndidzamutchula dzina mkaziyo pamaso pa anthu. Ana ndi magazi athu, sangakulire m'manja amenewo, malo m'boti alipo. Ndinati kwathu kuno ana ndi a kuchikazi. Anati ana a mfiti ndi a amene wawatola. Ndipo ndinadziwa kuti akunena zoona, chifukwa abale athu omwe, aja anasiya malo pamphasa, palibe akanatsekereza njira ya kugombe.

Kutacha anthu anadzaza bwalo, a ku Mbungo, a ku Chipyela, a kutsidya atakhala paokha. Ansembe atakhala pampando, kwaya kumbuyo kwawo, a Barnaba akuyang'ana kumwamba ngati sitidziwana. Ndinaimirira. Ndinafotokoza zonse, kuti munthu anadzuka bwino, anadandaula mutu, anagwa, tinathamanga naye. Za mbuzi sindinanene, aliyense ankazidziwa. Ndinati adokotala anapima, poizoni sanampeze, bala sanalipeze. Apo anthu anayamba kuyang'anana, ndipo ndinamva wina kumbuyo akunong'ona mawu aja ndinkawaopa, akuti hamala. Ndinati koma matenda anawapeza, ndi matenda a m'mabuku, amapha ndi Azungu omwe kwawo kumene kulibe Esitere, ndipo dzina lake ndi ili.

Ndinafuna kulitchula ngati munthu, molankhula. Ndinati saba. Basi. Saba. Zidutswa zotsalazo zinathawa. Ndinayang'ana pamkono, inki yonse inali itasungunuka ndi thukuta, ndipo ngakhale ikanakhalapo ndikanawerenga chiyani? Wina anatsokomola. A Manuwele anayamba kukonza jekete kuti aimirire.

Ndinatsinzina, nkuimba. Mokweza, monga anandiphunzitsira, mzere umodzi, kumapeto nkutsika.

Bwalo lonse linayankha kuti, "Ameni."

Lonse. Azimayi m'nyumba, amuna pansi pa mtengo, kwaya m'mawu anayi. Anthu a pachilumba pano ndi a kutsidya omwe tinakulira m'tchalitchi chimodzi, khutu likamva kutsika kumene kuja pakamwa pamayankha pokha, mutu usanafunsidwe. Nditatsegula maso ndinaona a Manuwele ataima theka, chipewa pachifuwa, milomo isanatsekeke. Nawonso anali atayankha.

Ine ndinapsa mtima. Ndinafuna kukuwa kuti si pemphero ili, anthu opusa inu, ndi dzina la matenda, ndalivutikira. Ndinayang'ana ansembe kuti mwina akonza, iwo anangoweramitsa mutu, sindikudziwa ngati ankapemphera kapena ankabisa kuseka. Ndinakhala pansi, osadziwa ngati ndapambana kapena ndachita manyazi pamaso pa chilumba chonse.

A Manuwele anatsiriza kuimirira. Anazunguza chipewa m'manja, nkundifunsa.

"Ankhoswe, mawu amenewo atuluka m'kamwa mwa dokotala?"

"Eya."

"Ndipo mwati amapha ndi Azungu?"

"Ndi madokotala omwe."

Anayang'ana anthu awo, anayang'ana khomo la siwa. Kenako anathokoza mudzi chifukwa chosunga mlendo, anathokoza amene ananyamula machira, nkukhala pansi. Dzina la Esitere silinatuluke. Bokosi likutuluka m'nyumba ndinaona azakhali athu aja atamugwira mlongo wanga pamkono, akulira naye, ngati dzulo lake sanali iwo.

Musandifunse chimene chinachitika, sindikudziwa. Kodi anakhulupirira za matendawo? Kodi munthu sangavomere Ameni pamaso pa ansembe kenako nkuimirira kutsutsa chomwe wavomeracho? Kapena anali atatopa, ankangofuna pothawira? Ndakhala ndikuziganiza zaka zonsezi pokonza maukonde, mutu umangowawa. A Barnaba mpaka imfa yawo ankati iwo sanakonze dala, koma ankanena akupukuta magalasi, osandiyang'ana. Ndipo alipo ena ku Mbungo amene mpaka lero amati ndinapemphera m'Chilatini.

Komabe mtima wanga sunakhale pansi, chifukwa boti linali likadali pagombe, ndipo munthu wolankhula pang'onopang'ono sasintha maganizo pagulu. M'mawa mwake anthu a kutsidya akumanga katundu, ndinatsikira komweko, Esitere ali pambuyo panga ndi ana, chifukwa mwambo ndi woti alendo a maliro uwaperekeze. Ndinali nditatola nkhafi yothyoka, ndikuyenda nayo ngati ndodo. Tanga linali litakwezedwa kale. A Manuwele anatsika m'boti, nkuyenda m'madzi kubwera kwa ife. Anayang'ana mayi anu, anayang'ana Petulo. Ine ndinalimbitsa dzanja pa nkhafi.

Anati, "Ankhoswe, mayi ake a Jowakimu ndi okalamba, sanathe kuoloka. Ndikafika andifunsa chimene chadya mwana wawo. Ndinawalonjeza kuti ndibwera ndi dzina." Kenako anati, "Ndiphunzitseni mawu aja."

Ndinaponya nkhafi pamchenga. Tinaima pamenepo amuna awiri akuluakulu, madzi m'mawondo, ine ndikudula, iwo akubwereza. Sa-ba. Sa-ba. Ra-ki. Iwo lilime lawo linazolowera Chipwitikizi, ra wawo ankachokera kukhosi ngati akutsuka m'kamwa, ndinawakalipira monga anandikalipirira a Barnaba. Anyamata a m'boti akuitana kuti mphepo itembenuka, iwo akukweza dzanja kuti dikirani. Atafika pa noyidi anandifunsa kuti kodi zidutswazi zili ndi tanthauzo? Ndinati zilibe, ndi dzina basi, dzina silifunsidwa. Anagwedeza mutu. Titalumikiza zonse zinakana, mpaka ndinawaimbira, iwo nkuimba pambuyo panga, mawu awo aakulu ngati ng'oma.

Anagwira mutu wa Petulo, anagwira mutu wa mayi anu, nkuuza Esitere kuti ana akakula adzawaonetse kwawo kwa bambo awo. Anakwera okha. Boti likutuluka ndinkawaona atakhala kumbuyo pafupi ndi chiwongolero, osayang'ana kuno, milomo ikungoyenda, kuopa kuti angagwetse mawuwo m'madzi asanafike ku Cobue.